Thumba lathu la maliro tilisunge mu crypto? Zomwe tinakambirana pa gulu

Mayi Nangozo (msungichuma, Lilongwe): Abale ndi alongo, mwaswera bwanji konse komwe muli. Ndisanatumize lipoti la mwezi uno, pali nkhani yomwe Kondwani anandiimbira nayo Lamlungu. Ndamuuza kuti ine pandekha sindingaiyankhe chifukwa thumba ndi la tonse. Kondwani, bwalo ndi lako mwananga.

Kondwani (Johannesburg): Zikomo amayi. Makolo anga nonse, ndine mwana koma ndiloleni ndilankhule. Mu Novembala 2023 m'thumba mwathu munali K5,900,000. Kwacha isanagwe, pa mtengo wa kubanki wa K1,180 pa dola, imeneyo inali madola 5,000. Tsiku lomwe analengeza kuti kwacha yatsika ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700, ndalama yomweyo inasanduka madola 3,470. Palibe anaba. Amayi Nangozo sanasowetse ngakhale tambala. Koma madola oposa 1,500 anapita tili m'tulo. Ndipo si koyamba, mu Meyi 2022 inagwanso ndi 25 peresenti. Tsono vuto ndi ili: m'bale akamwalira kuno, a mochale, a bokosi ndi a galimoto yonyamula thupi amafuna marandi, safuna kwacha. Ine ndikupempha kuti theka la thumba tilisunge mu USDT kapena Bitcoin, ndalama za pa intaneti zomwe amazitcha crypto.

Bambo a Tadala (Blantyre): Ndalama za maliro tiike mu zinthu za pa intaneti? Ayi, ine ndakaniratu.

Anaphiri (Kasungu): Ine sindikudziwa n'komwe kuti zimenezi ndi chiyani. Tifotokozereni kaye, safunsa anadya phula.

Kondwani (Johannesburg): Azakhali, taganizirani buku lomwe mlembi wa banki mkhonde amalembamo kuti uje wasonkha zakuti, uje wakongola zakuti. Bitcoin ndi buku lotero, koma silikhala m'nyumba ya munthu mmodzi. Makompyuta zikwizikwi padziko lonse ali ndi buku lomwelo, ndipo pafupifupi mphindi 10 zilizonse tsamba latsopano limawonjezedwa onse ataligwirizana. Wofuna kufufuta mzere ayenera kugonjetsa onsewo. Inayamba pa 3 Januwale 2009, woiyambitsa anadzitcha Satoshi Nakamoto ndipo mpaka lero sadziwika. Ma Bitcoin sadzapitirira 21 miliyoni, palibe nduna kapena gavanala angasindikize ena. USDT ndi ina: kampani ya Tether ndiyo imaitulutsa ndipo imati pa USDT iliyonse imasunga chuma chokwana dola imodzi, ndiye mtengo wake umayenda ndi dola.

Gogo Chisale (mkulu wa mpingo, Dedza): Kondwani, ndakumva, ndipo masamu ako sindikuwatsutsa. Ndinaphunzitsa masamu zaka zambiri, ndipo penshoni yanga inadyedwa ndi kugwa kwa kwacha komweko. Baibulo silibisa kuti muyeso wonyenga umanyansa Mulungu, werengani Miyambo 11:1. Ndalama ndi muyeso wa thukuta la munthu. Mlimi akagulitsa soya mu Meyi, pofika Novembala ndalamayo osakwananso thumba la feteleza lomwe ikanagula, ndiye kuti muyeso wasinthidwa iye ali kumunda. Pamenepo ndili nawe.

Koma mtima wanga sukukhazikika pa chinthu china. Anyamata omwe ndawamva akukamba za zimenezi sakamba za muyeso wolungama. Amakamba zoti ukagula lero, chaka chamawa ugula galimoto. Miyambo 13:11 imati chuma chobwera mofulumira chimatha, chosonkhanitsidwa pang'onopang'ono ndicho chimakula. Thumba lathuli linakula ndi ma K5,000 a amayi ogulitsa mandasi.

Anambewe (Harare): Agogo ndiloleni ndiyankhe ngati munthu amene analumidwapo. Bambo anga anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito kuno, anasunga ndalama kubanki moyo wawo wonse monga munthu woopa Mulungu, osamwa, osatchova njuga. Mu 2008 zonse zinasanduka mapepala. Pofika Januwale 2009 boma linatulutsa pepala limodzi la madola 100 thililiyoni. Bambo anamwalira akusungabe kabuku kawo ka kubanki m'Baibulo. Ife ana tinayambanso, tikusunga madola a ku America, ndipo mu 2019 tinauzidwa kuti zomwe zili mu akaunti si madola a ku America ayi, ndi ndalama ina yotchedwa RTGS. Mu Epulo 2024 kwabweranso ina, ZiG. Ndiye munthu akandiuza kuti banki ndi malo otetezeka ndipo crypto ndi njuga, ndimamufunsa kuti njuga yeniyeni inali iti? Bambo anga anatchova moyo wawo wonse pa lonjezo la anthu ovala mataye.

Bambo a Tadala (Blantyre): Pepani nazo mayi. Koma za ku Zimbabwe si za ku Malawi.

Anambewe (Harare): Chaona mnzako chapita, achimwene.

Mayi a Thoko (Leeds): Ndakhala chete chifukwa nkhaniyi imandiwawa, koma ndikapanda kunena ndidzakhala ndi mlandu. Mu 2020, nthawi ya matenda ija, tikugwira ntchito usiku ndi usana m'chipatala, mayi wina wa kutchalitchi kwathu anandiuza za kampani ina yomwe imati ukaikako Bitcoin, makompyuta awo amakuchitira malonda ndipo umapindula mwezi uliwonse. Dzina sinditchula. Anandionetsa pa foni yake manambala akukwera. Tinapemphera limodzi ndisanatumize. Ndinaikako ndalama yomwe ndimasungira malata ndi simenti ya nyumba ya amayi ku Zomba. Choipa kwambiri, ndinakopa mng'ono wanga ndi anzanga awiri, chifukwa ukabweretsa munthu amakupatsa kenakake. Tsiku lina tsamba lawo linangotsekeka.

Ndalama ndinaiwala, ndinagwiranso ntchito. Chomwe sichinabwerere ndi ubale. Mnzanga mmodzi mpaka lero tikakumana pa Mgonero amakhala mbali ina. Mayi amene anandikopa uja sanali wakuba, nayenso anataya zake. Tonse tinkakhulupirira kuti Mulungu watitsegulira khomo. Ndiye mukamati zimenezi zimachotsa munthu wapakati, ine ndinaona zosiyana: zinagwiritsa ntchito chikhulupiriro chomwe tinali nacho pa wina ndi mnzake, n'kutidya nacho.

Kondwani (Johannesburg): Pepani kwambiri amayi. Koma chonde tisiyanitse. Imene ija sinali Bitcoin, anali akuba ogwiritsa ntchito dzina la Bitcoin. Kuno kunali Mirror Trading International yomwe inagwa mu Disembala 2020, mkulu wake Johann Steynberg anathawa n'kukagwidwa ku Brazil. Kunali MMM ya Sergei Mavrodi yomwe inaliritsa anthu kuno, ku Zimbabwe ndi ku Nigeria cha m'ma 2016. Kunali OneCoin, mwini wake Ruja Ignatova anasowa mu 2017 ndipo akufunidwabe. Onsewa ankalonjeza phindu. Ine sindikulonjeza phindu, ndikungoti tisunge.

Mayi a Thoko (Leeds): Mwananga, amene anandikopa uja ankatinso zake ndi zosiyana ndi za akuba ena aja.

Che Jafali (Durban): Assalam alaikum, moni nonse. Ndiikepo mawu a mbali yathu chifukwa m'thumbamu muli ndalama za Asilamu ndi Akhristu. Kwa ife banki ili ndi vuto lake kale, la riba, chiwongoladzanja. Qur'an pa 2:275 imaloleza malonda n'kuletsa riba. N'chifukwa chake ena mwa achinyamata athu anakondwa ndi Bitcoin, amati ndalama iyi sibadwa ndi ngongole, palibe amene akukongoza mnzake kuti ikhalepo. Koma Chisilamu chimaletsanso gharar, kugula chinthu chomwe sukuchidziwa bwino mathero ake, ndi maysir, yomwe ndi njuga. Ma sheikh sanagwirizane. Yemwe anali Mufti wamkulu (mtsogoleri wogamula za chipembedzo) wa ku Egypt nthawi imeneyo, Shawki Allam, anagamula kumayambiriro kwa 2018 kuti ndi yoletsedwa. Bungwe la ma ulama, akuluakulu a maphunziro a Chisilamu, ku Indonesia linanenanso mu 2021 kuti kuigwiritsa ntchito ngati ndalama ndi haramu. Ena amati ndi yololedwa ngati ukugula ndi kusunga chabe, ndipo uziperekera zakaat ya 2.5 peresenti monga chuma china chilichonse.

Kwa ine nkhani ili pa mawu oti amana, chinthu chomwe wasungitsidwa. Ndalama yanga ndingathe kuiika pa chiswe ndikafuna. Ya amasiye ayi. Bitcoin inafika pafupifupi madola 69,000 mu Novembala 2021, pofika Novembala 2022 inali pansi pa 16,000. Tikanakhala ndi maliro mwezi umenewo tikanawauza chiyani anamfedwa? Kuti dikirani mtengo ukwere? Ife timaika maliro msanga.

Kondwani (Johannesburg): Che Jafali, mu Disembala 2024 inadutsa madola 100,000. Koma ndavomera, n'chifukwa chake ndinatchulanso USDT, imene sikwera ndi kutsika chotero.

Che Jafali (Durban): Ndiye wabwerera kwa munthu wapakati yemwe umamuthawa uja. USDT ili ndi mwini, kampani, ndipo kampaniyo imatha kutseka ndalama ya munthu apolisi akaipempha. Wangochoka ku banki yomwe ukudziwa khomo lake kupita ku ina yomwe sudzaiona. Ndiponso kunali ina yotchedwa UST yomwe inkati ndi yofanana ndi dola, inagwa mu Meyi 2022 m'masiku ochepa.

Anaphiri (Kasungu): Ine kuno kumudzi ndikuuzeni zomwe anthu anganene. Munthu akalemera osaoneka akulima, osaoneka akugulitsa, amati wakhwimira. Mukawauza kuti ndalama ya maliro ili m'mwamba, siigwirika, mwini wake sadziwika, adzati ndi za satana. Abusa ena kuno amalalikira kale kuti ndi 666.

Gogo Chisale (mkulu wa mpingo, Dedza): Anaphiri, pamenepo ndiyenera kuteteza Kondwani pang'ono. Chivumbulutso 13:16-17 chimakamba za ulamuliro womwe udzaletse munthu kugula kapena kugulitsa ngati alibe chizindikiro chake. Mtima wa ndimeyo ndi mphamvu imodzi yogwira pakhosi pa malonda a anthu onse. Ndakhalapo nthawi yaitali, ndinamva anthu akuti ma ATM ndi 666, kenako zitupa za unzika, kenako ndalama za pa foni. Lero omwewo amapereka chakhumi pa Airtel Money ndi Mpamba. Tisamathamangire kutchula chilombo pa chilichonse chomwe sitikuchimvetsa.

Chomwe chimandiopsa ine si nambala. Ndi m'mene ena amalankhulira za Bitcoin ngati chipulumutso. Ali ndi mneneri wawo wosaoneka, ali ndi tsiku lawo lopatulika pa zaka zinayi zilizonse pomwe mphotho ya okumba, eni makompyuta olemba m'buku lija omwe amalipidwa ma Bitcoin atsopano, imadulidwa pakati, ali ndi chiphunzitso choti opirira mpaka mapeto ndiwo adzalandire. Mdzukulu wanga amadzuka usiku kuona mtengo pa foni, pemphero la m'mawa anasiya. Pomwe pali chuma chako mtima wako udzakhala pomwepo, Mateyu 6:21. Ndiponso ku Colorado, ku America, m'busa wina dzina lake Eli Regalado anaimbidwa mlandu mu Januwale 2024 atagulitsa kwa Akhristu anzake ndalama yake yotchedwa INDXcoin, ya madola pafupifupi 3 miliyoni, akunena kuti Mulungu ndiye anamuuza. Dzina la Mulungu likalowa pa malonda, nkhosa zimasiya kufunsa.

Achimwene a ku Mulanje: Moni nonse, ndimangowerenga koma apa ndilowepo. Kwathu kuno ku Bondo, m'munsi mwa phiri, kuli magetsi a madzi a mumtsinje omwe amayendetsedwa ndi MEGA, kampani ya magetsi ya kuno ku Mulanje, osati a ESCOM. Magetsi otere amapangika usana ndi usiku, koma usiku anthu akagona palibe wowagula, amangotayika. Kampani ya Gridless inabweretsa makina okumba Bitcoin omwe amagula magetsi otsalawo, ndipo ndalamayo imathandiza kuti ntchito ya magetsi isaime. Anthu akafuna magetsi ambiri makinawo amazimitsidwa, mudzi ndiwo umayamba. Ku Zengamina, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, akuchitanso chimodzimodzi. Agogo a kuno sadziwa Satoshi, amangodziwa kuti chigayo chikuyenda ndipo ana akuwerenga usiku. Sindikuti tiike thumba lathu mmenemo, ndikungoti chinthuchi si cha akuba okha.

Kondwani (Johannesburg): Zikomo achimwene. Ndiwonjezere za ku Nigeria. Mu Okutobala 2020 achinyamata akuchita zionetsero za EndSARS zotsutsa nkhanza za apolisi, njira za kubanki zolandirira thandizo zinatsekedwa, ndipo gulu la Feminist Coalition linapitiriza kulandira thandizo kudzera mu Bitcoin. Ndiponso ife a kuno tikudziwa kuti ambiri alibe mapepala, banki siwatsegulira akaunti, malipiro amasunga pansi pa matiresi m'mikuku momwe moto ndi akuba sizisowa. Kutumiza ndalama kumayiko a kuno kumwera kwa Sahara ndi kodula kuposa chigawo china chilichonse padziko, pafupifupi 8 peresenti pa madola 200, pomwe United Nations inati pofika 2030 zisapitirire 3 peresenti. Munthu amene banki yamukana, crypto simufunsa chitupa. Kwa ine umenewo ndi ulemu kwa munthu wosauka.

Bambo a Tadala (Blantyre): Simufunsa chitupa, komanso ikasowa simudziwa. Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti zimenezi si ndalama zovomerezeka m'dziko muno, ndipo wotaya zake alibe kokadandaula. Nanga kusintha kwacha yathu kukhala USDT tikasinthira kwa ndani? Kwa mnyamata wa pa WhatsApp, pa mtengo wa pamsika wakuda? Kugula ndalama zakunja kwa munthu wopanda chilolezo ndi mlandu kuno. Amene adzagwidwe si iwe uli ku Joni, ndi Amayi Nangozo. Ngakhale maboma omwe anayesa abwerera m'mbuyo. Central African Republic inavomereza Bitcoin mu 2022, chisanathe chaka n'kusintha. El Salvador inayamba mu 2021, koma mu 2025 inasiya kukakamiza amalonda kuilandira.

Mayi Nasibeko (Ntcheu): Ana anga, ine ndi amene munandithandiza chaka chatha pomwe bambo a kunyumba anatisiya ku Pretoria. Za manambala sindizitsata. Ndingofunsa chimodzi. Thupi litafika, ndalama ya m'thumba inali itatha pa ulendo, chakudya cha anthu panalibe. Amayi Nangozo anaimbira a komiti usiku, anandipatsa ina yomwe lamulo la gulu silinalole, anati tidzakonza pambuyo. Nditalephera kusonkha miyezi inayi, palibe anandichotsa. Kodi makina anuwo angachite zimenezo? Angamve kuti mayi uyu ndi wamasiye, timudikire?

Ndipo china. Akuti ndalamayo imatsekulidwa ndi mawu achinsinsi. Wosunga mawuwo akamwalira, zimatha bwanji? Bambo anamwalira ndi nambala yachinsinsi ya foni yawo, tinavutika, koma tinapita ku ofesi ndi kalata ya imfa ndi ya kwa a DC, patapita nthawi anatipatsa. Uko tikapita kwa ndani?

Kondwani (Johannesburg): Amayi, funso lachiwirilo landigwira. Zoona zake n'zakuti kulibe ofesi. Mawuwo amakhala 12 kapena 24, akatayika ndalama yapita mpaka kalekale. Ku Wales kuli munthu, James Howells, amene mu 2013 chipangizo chake chokhala ndi ma Bitcoin pafupifupi 8,000 chinatayidwa kudzala, ndipo sanachipezenso. Koma njira ilipo. Mukudziwa bokosi la banki mkhonde lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana. Mu crypto mungachitenso chimodzimodzi: makiyi atatu, ndalama imatuluka pokhapokha awiri atavomereza. Mmodzi akamwalira, awiri otsalawo amatsegula.

Loyambalo ndilibe yankho. Makina sakhululuka. Ukatumiza kolakwika sizibwerera.

Gogo Chisale (mkulu wa mpingo, Dedza): Mayi Nasibeko anena zomwe ine ndimazungulira. Pa Levitiko 25 Mulungu analamula chaka cha 50 choti munda ubwerere kwa mwini wake ndipo wogulitsidwa chifukwa cha umphawi amasulidwe. Buku la ngongole la Aisraeli linali ndi malo ofufutira. Buku la Kondwani ulemerero wake ndi woti palibe angafufute. Pa wakuba ndi pa boma losindikiza ndalama, chimenecho ndi chabwino ndithu. Pa wamasiye, pamafunika dzanja la munthu loti ligwire cholembera n'kudumpha mzere. Koma ndionjeze kuti banki nayonso sidumpha mzere, katapila ndiye ayi. Amene anadumpha mzere usiku uja ndi Amayi Nangozo ndi komiti.

Che Jafali (Durban): Ndipo ndime yaitali kwambiri mu Qur'an, 2:282, ndi yonena za kulemba ngongole pamaso pa mboni. Kulemba n'kofunika, koma mboni ndi anthu. Ndime ziwiri m'mbuyo mwake, pa 2:280, akuti wangongole akakhala pa mavuto mumudikire, ndipo kumukhululukira n'kwabwino koposa.

Anambewe (Harare): Zonsezi ndavomera, koma musaiwale pomwe Kondwani anayambira. Chifundo cha komiti chimagwira ntchito ngati m'thumba muli kanthu. Kwacha ikagwanso, mudzakhala ndi mtima wabwino ndi thumba lopepuka. Ine sindikukakamira crypto, koma kukhala osachita kanthu ndakana.

Mayi a Thoko (Leeds): Nanga bwanji osasunga ya kunja kunja konko? A ku South Africa azisonkha marandi, zikhale mu akaunti ya gulu konko ngati ma stokvel, magulu osonkherana ndalama a kumeneko, amachitira, osayinira atatu okhala ndi mapepala. Zisamapite ku Malawi kukasanduka kwacha kenako n'kubwereranso. Ya kwacha ikhale ya bokosi la kumudzi, chakudya ndi mayendedwe a kuno.

Bambo a Tadala (Blantyre): Imeneyo ndiye ndingaivomere.

Kondwani (Johannesburg): Randi nayonso imagwa, koma si ngati kwacha, ndavomera kuti ndi poyambira. Pempho langa latsala limodzi. Achinyamata a pagulu pano ambiri ali kale mu crypto, ena mwa njira zoopsa, ndipo amabisa chifukwa amaopa kunenedwa. Mundilole Loweruka lina ndiwaphunzitse kusiyanitsa chikwama cha crypto chomwe makiyi ali nawo okha ndi kampani yowasungira, monga FTX yomwe inagwa mu Novembala 2022 ndi ndalama za anthu. Amayi a Thoko, ngati mungalole, mudzafotokozenso nkhani yanu ija. Ndiponso funso la Amayi Nasibeko landikumbutsa kuti mayi anga ku Mchinji sadziwa kuti ndili ndi kalikonse, ndipo mawu anga 12 palibe wina akuwadziwa. Agogo, ndikuimbirani mawa mundithandize m'mene ndingalembere za masiye.

Gogo Chisale (mkulu wa mpingo, Dedza): Uimbe madzulo, m'mawa ndili ku maliro kwa a mfumu. Ndipo phunziro lakolo nanenso ndidzakhalapo, ndikufuna ndimvetse chomwe chikudzutsa mdzukulu wanga usiku.

Mayi a Thoko (Leeds): Ndidzafotokoza. Mundiuziretu tsiku ndisinthane ndi mnzanga kuntchito.

Mayi Nangozo (msungichuma, Lilongwe): Zikomo nonse. Ndalemba mfundo ziwiri zoti tivotere: ya Kondwani ya theka mu USDT, ndi ya Amayi a Thoko ya akaunti ya marandi. Kuvota ndi Loweruka 8 koloko madzulo, nthawi ya ku Malawi, ovota ndi okhawo omwe ali m'kaundula. Che Jafali ndi Kondwani, tipezereni zofunika potsegula akaunti ya gulu kumeneko lisanafike Lachisanu. Anaphiri, muwafotokozere amayi a ku Kasungu omwe alibe WhatsApp, mudzatibweretsere mawu awo. Lipoti la mwezi uno ndikutumiza tsopano, ndipo anthu 7 simunasonkhe, ndikuimbirani payekhapayekha.